Foni ya apongozi ndi mbewu ya ku Chikomeni

"Amake Tamala, kodi inu simutopa?"

Anandifunsa chonchi mkazi wa a Mwale, amene tinayandikana nawo nyumba ku boma la Lundazi, atandipeza ndakhala pa mphasa kuyambila m'mawa ndikusankha nyemba pa lichelo, mwana ali kumsana. Ndinati kutopa ndimatopa, koma nyemba sizidzisankha zokha. Iwo anaseka.

"Ndiye amuna anga akufuna munthu wotele. Wokhala pansi n'kumayang'ana chinthu chimodzi osachokapo. Ena awili analephela, akuti zimagonetsa."

Umu ndi mmene ndinapezela nchito yanga yoyamba, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Sukulu ndinalekela giledi seveni kwathu ku Chikomeni, ndipo Chizungu changa chinali cha kuchipatala ndi ku positi basi. A Mwale anali mphunzitsi wa ku sekondale. Ndiwo anaika kompyuta mu ofesi ya kabungwe kena ka alimi kamene kanali kugawa mbewu m'midzi. Kompyutayo inali yakale, yochita kupatsidwa, ndipo anaikamo Linakisi, pulogilamu yoyendetsa kompyuta yonse, chifukwa ndi waulele, komanso akuti sanyoza makina okalamba. Munalibe zithunzi ngati za masiku ano. Sikilini yakuda, zilembo zoyela, iwe kulemba lamulo, iyo kukuyankha.

Mu ofesimo tinalimo atatu. A Mtonga ndiwo anali mkulu. Ine ndinali m'chipinda cha kumbuyo, mmene munali kompyuta. M'chipinda cha kutsogolo munali mesenjala, ndipo mesenjalayo anali apongozi anga, atate a amuna anga. Dzina lawo sindilemba, sindinalitchulepo ndi kale lomwe. Iwo ndi a ku Magodi, ndipo kumeneko mkazi wa mwana wako, amene amati mkamwana, salowa m'chipinda cha apongozi aamuna, sawayang'ana kumaso, sagwila zinthu zawo, ndipo koposa zonse sawauza kuti alakwitsa. Ukakhala ndi mau umagwada pakhomo, ndipo akakhala mau olemela umatuma munthu wamkulu.

Foni ya ofesi inali pa tebulo lawo. Waya wake unali umodzi ndi wa modemu, kabokosi ka timagetsi tofiila kamene kanali kuimbila kompyuta ina ku Lusaka. Foniyo apongozi anali kuisamala ngati mwana. Anthu a kwathu amene anali ku migodi ankaimba pa nambala imeneyo kukagwa malilo, iwo n'kulemba uthenga, n'kukwela njinga kukapeleka kumudzi. Anthu ankawadziwila zimenezi kuposa zina zonse.

Nchito yanga inali kusesa, kuphika tiyi, ndi kutenga maimelo m'mawa. A Mwale anandilembela malamulo mu kope la sukulu, lililonse ndi tanthauzo lake m'Chinyanja. Ndinkafika seveni koloko, n'kuvula kompyuta chitenje chake, n'kuyatsa. Modemu inkalila ngati nyenje za m'chilimwe, kenako n'kukhala chete, makalata n'kulowa. Mphindi zisanu zatha. Nthawi imeneyo apongozi amakhala ali ku positi, ndiye kwa miyezi inayi ine ndi foni yawo sitinakumanepo.

Vuto linabwela mu Disembala, mvula itayamba kuopseza. Chaka chimenecho kunali mbewu ya mtedza, ife timati nshawa, yopita ku magulu a azimayi a ku Magodi ndi ku Chikomeni. Eni ake mbewuyo ku Lusaka analamula kuti thumba lisatuluke popanda mndandanda wa maina wochokela kwa iwo, chifukwa chaka chinzake anthu anakanganilana mpaka kumenyana. Amayi anga ondibala analembetsa nawo. Munda anali atalima kale mizele, akungodikila.

Lolemba a Mtonga anapita ku Chipata kukatenga mbewuyo. Pochoka anandiuza kuti, "NyaBanda, mndandanda ukafika usindikize. Ndibwela Lachinayi madzulo ndi lole ya hayala. Lachisanu m'mawa tinyamuke, chifukwa mwini wake akuifuna Loweluka."

Lachiwili mndandanda unafika pa imelo. Ndinati nditsegule, pa sikilini panangodzaza zinyalala, zilembo zopanda mutu. A ku Lusaka anali atagula makompyuta atsopano, ndipo fayilo yawo yathu sinali kuidziwa. Ndinagwada pakhomo kupempha apongozi kuti andiimbile ku Lusaka. Ataimba anandiuza kuti mayi amene analemba mndandandawo wapita ku Mongu, abwela sabata la mawa. A Mwale nawonso kunalibe, anali ku Lusaka kuchonga mayeso. Mwamwayi anaimba okha masana amenewo kufunsa za kunyumba kwawo, ndipo apongozi ananditulutsila foni pa windo, waya utakokeka mpaka pamapeto.

"Musaope, amake Tamala," anatelo a Mwale. "Pakusowa pakeji imodzi, pulogilamu yotsegulila fayiloyo. Lembani." Ananditchulila adilesi chilembo chimodzichimodzi. Kukoka pakejiyo ndilembe wget ndi adilesiyo. Ikatha ndilembe dpkg, kamzele, chilembo i, ndi dzina lake. "Mudzaona timadontho tikuyenda pa sikilini. Tikafika handiledi pelesenti ndiye kuti yatha, mwina ola limodzi ndi theka. Tikaima nthawi yaitali, dinani Ctrl ndi C, muimbenso, muyambenso. Ikakana n'kulemba mau akuti depends, dzina lotsatila ndi pakeji inzake, ili pamalo omwewo." Atatelo anati akuitanidwa, n'kudula. Sanaimbenso sabata lonse.

Ndinayamba madzulo omwewo. Timadontho tinayenda bwino, mzele woyamba, wachiwili, kumapeto kwa mzele uliwonse nambala ikukwela. Pa teni pelesenti tinaima. Ndinadikila. Kagetsi kamodzi ka pa modemu kanazima. Ndinadina Ctrl ndi C, kuimbanso, kuyambanso pa zilo. Ulendo wachiwili tinafika pa twente-thuu. Wachitatu pa seveni.

Lachitatu lonse linapita chimodzimodzi. Ndinayamba ndi kunamizila mvula. Ndinatuluka kukayang'ana waya pamene unalowela m'khoma, ndinapeza nyelele zitamanga m'kabokosi kake, ndinazichotsa ndi nthenga ya nkhuku. Osasintha. Ndinazula ndi kulumikizanso mawaya onse a kumbuyo kwa modemu monga mwalembedwela mu kope. Ndinaipepelela ndi chikuto cha buku poganiza kuti yatentha. Tamala anali kumela mano, akulila, ine ndikumuyamwitsa maso ali pa sikilini, kuopa kuphethila. Munthu ukhoza kudana ndi kadontho, ine ndinadana nato. Ulendo wina tinafika pa sikisite-eyiti, ndinayamba kuimba nyimbo ya kukwaya chamumtima, tinaima pomwepo. Ndinatuluka panja, ndinazungulila ofesi kawili, ndinabwelela.

Chimene ndinachita bwino tsiku limenelo n'chimodzi. Ndinayamba kulemba kumbuyo kwa kope nthawi imene ndayamba ndi nthawi imene timadontho taima. Madzulo nditayang'ana, ndinaona kuti ulendo wa sikisite-eyiti uja unali pakati pa thwelofu ndi wanu koloko. Maulendo ena onse sanapitilile theka la ola. Ndinadzifunsa kuti masana pamasintha chiyani. Mvula siipita kukadya.

Lachinayi ndinafika m'mamawa. Ndinayamba, timadontho tikuyenda bwinobwino mpaka fote. Ndinamva njinga ya apongozi ikutsamila pakhoma, chitseko, mpando kukokedwa. Ndinasiya kuyang'ana sikilini, ndinatchela khutu kukhoma. Posakhalitsa ndinamva foni ikunyamulidwa. Kenako kwacha, kwacha, kwacha, chala chikugogoda pamene pamakhala chogwilila. Nditatembenuka, timadontho tinali titaima, kagetsi katazima.

Apa m'pamene ndinazindikila. Masiku awili ndikulimbana ndi nyelele, pamene nkhani ili kuseli kwa khoma, ndipo ili kwa munthu mmodzi yekha padziko amene sindingamuuze kuti lekani.

Ndinamanga bwino chitenje, ndinapita kukagwada pakhomo pawo, maso pansi.

"Monile, adada."

"Yewo, mkamwana. Mwana wagona bwanji?"

"Wagonako, adada." Kenako ndinati, "Adada, makina aja akulankhula ndi ku Lusaka lelo. Akudzela mu waya wa foni."

"Eya, ndikumva," anatelo mokondwa. "Layini yaipa kwambili sabata lino. Ukanyamula mukungolila ziwala, phokoso lokhalokha. Koma musadandaule, mkamwana, ine ndikukukonzelani. Ndikaigogoda katatu imayela. Kuyambila dzana ndakhala ndikuiyeletsa, sindinapume."

Anali kundithandiza. Munthu wamkulu, wa imvi, masiku awili akudzuka pampando kunyamula foni kuti mkamwana wake asavutike. Ndinayesanso mozungulila.

"Adada, a Mwale anati phokoso limenelo ndi chilankhulo cha makinawo."

"A Mwale ndi mwana wa dzulo. Ine mafoni ndinayamba kugwila iwo asanabadwe. Layini yabwino imalila kamodzi, mmmm, basi. Pitani mukagwile nchito, ine ndili pano."

"Yewo, adada."

Ndinabwelela m'chipinda changa ndili ndi mkwiyo umene unalibe kopita. Kuzula waya wa foni yawo kunali kophweka, koma unali kuseli kwa tebulo lawo, m'chipinda chimene sindinapondemo. Kuwalembela kalata kukanakhala chipongwe choposa kulankhula. Amuna anga anali ku Magodi kubzala chimanga. A Mtonga anali pa msewu. Ndinayambanso kukoka, mwina mwamwayi. Pa fifitini, kwacha, kwacha, kwacha.

Ndinabeleka Tamala, ndinathamangila ku msika. Kumeneko kunali alongo awo a apongozi, amene amuna anga amati ankhazi, akugulitsa tomato ndi kapenta. Iwo okha ndiwo akanatha kulankhula nawo.

"Monile, ankhazi."

"Iwe NyaBanda, wathamangitsidwa ndi njuchi? Khala pansi, mwanayo wamugwedeza ngati mkaka wa m'chipanda."

Ndinawafotokozela zonse. Anandifunsa kawili kuti makina angalankhule bwanji pa foni opanda pakamwa. Kenako anaseka mpaka kugwila m'nthiti.

"Ndiye achimwene anga akupha mbewu ya anthu ndi chala chimodzi? Ameneyu sanasinthe. Tili ana ankafukula mbatata tsiku lililonse kuti aone ngati yakula."

"Ankhazi, chonde, nthawi. Lole ikunyamuka mawa."

"Nanga tomato wangayu adzigulitsa yekha? Dikila abwele NyaJele andilondele."

NyaJele, mnzawo wa benchi loyandikana, anali atapita kuchigayo. Tinamudikila ola lathunthu. Ine ndinakhala pa thumba la makala ndikuganiza kuti nthawi ino apongozi ali kunyumba kukadya, layini ili yokha, ndipo pa kompyuta palibe munthu. Ola lokhalo labwino la tsiku lonse ndinalitayila pa msika.

Tinafika ku ofesi thuu koloko itapitilila. Ankhazi analowa kwa alongo awo, ine ndinaphika tiyi n'kuika pakhomo. Nkhani sinayambile pa foni. Inayambila pa ng'ombe imene inathyoka mwendo ku Magodi, inapita pa denga la tchalitchi, inafika pa mwana wa uje amene anathawa ukwati. Ine kuseli kwa khoma ndikuluma chala. Pomaliza ndinamva ankhazi akuti, "Achimwene, phokoso la mu foni lija si matenda. Ndi mkamwana wanu akutunga zinthu ku Lusaka. Inu mukagogoda mumamutayila ndowa."

Ndinamva apongozi akuika kapu pa tebulo.

"Nanga bwanji sananene yekha?"

"Akananena yekha mukanati chiyani? Si inu nomwe mukanatumiza mau kwa makolo ake kuti mwana wawo alibe mwambo?"

"Ndiye foni ikhale yotsekedwa maola awili? Nanga wina akamwalila ku Kitwe? Anthu aimbe apeze layini ili ndi makina?"

"Womwalilayo sathawa, achimwene. Mvula ndiyo ikuthawa."

Apongozi anakankha mpando. Ndinamva akutenga chipewa, akutulutsa njinga. Podutsa pa windo langa sanayang'ane. Anangolankhula kumwamba kuti, "Foni ndi imeneyo." Anapita kunyumba dzuwa likadali pamwamba, chinthu chimene sanachitepo.

Ndinayamba pafupifupi fili koloko. Timadontho tinayenda osaima, mzele ndi mzele, mpaka handiledi. Ndinawomba m'manja ndekha. Ndinalemba dpkg, kamzele, i, ndi dzina la pakeji monga a Mwale ananenela. Kompyuta inakana. Mau ake sindinawamve onse, koma ndinazindikila akuti fayilo yathela panjila. Ndinalembanso. Inakananso. Ndinkafuna kulila. Ndiyambenso ola lina ndi theka?

Ndinatsegula kope, ndinapeza lamulo loonela mafayilo ndi kukula kwake, ls kamzele l. Pa sikilini panatuluka mzele wautali wa mafayilo a dzina limodzi. Yoyamba inali ndi dzina lokha, inzake dzina ndi kadontho ndi wanu, inzake thuu, mpaka seventini. Ulendo uliwonse umene ndinayambanso, kompyuta inali kusunga chidutswa chake padela. Dzina limene ndinalemba linali la chidutswa cha Lachiwili chija cha teni pelesenti. Yathunthu inali yomaliza, yaikulu kuposa zonse. Ndinafufuta zidutswa zonse ndi lamulo la rm, chimodzichimodzi, kuopa kufufuta yabwinoyo. Ndinalemba dpkg ndi dzina loyenela.

Inayamba kumasula. Kenako inaima n'kulemba mau aja akuti depends, ndi dzina lina patsogolo pake. Pakejiyo inali kufuna inzake.

Panthawiyo kumwamba kunali kutada. Ndinaimbanso, ndinasintha dzina pa adilesi, timadontho tinayamba. Iyi inali yaing'onoko. Pa fifite-faifi mphezi inang'anima, magetsi a boma lonse anazima, sikilini inachita bii.

A Mtonga anafika ndi lole chisisila, atanyowa. Ndinawauza zonse kupatula za apongozi, ndinangoti layini inali kuduka. Anagwila m'chiuno nati, "Mawa teni koloko dalaivala akupita, kaya pali pepala kaya palibe."

Lachisanu magetsi anabwela itatsala pang'ono teni. Panja panali azimayi a ku Chikomeni asanu ndi mmodzi amene anayenda wapansi kuti akwele nawo lole pobwelela. Dalaivala anali kuliza injini. A Mtonga anamupempha theka la ola, iye anati, "Abwana, ndagona pano kale. Mtsinje ukadzaza ndani adzanditulutsa?" Ine m'kati timadontho tili pa sate. Ndinamva matumba akutsitsidwa kulowa m'shedi, limodzi limodzi. Ndinamva lole ikubwelela kumbuyo, ikukhota, ikuzilala cha ku msewu wa Chipata. Apongozi anali pampando wawo, manja ali pa maondo, foni osaikhudza.

Pakeji yachiwili inatha leveni koloko itangopitilila. Ndinaika iyo poyamba, kenako yoyamba ija. Zonse zinalowa. Mndandanda unatseguka, maina oyela bwino, la amayi anga lili pa tsamba lachitatu. Kusindikiza kunatenga mphindi khumi.

A Mwale atabwela sabata lotsatila, ndinawaonetsa kope. Anagwila pamutu. "Ndinaiwala kukuuzani. Mukalemba wget muziwonjezela kamzele ndi chilembo c. Imayambila pamene inalekela." Chilembo chimodzi. Ndi chimenecho ngakhale kugogoda kwa apongozi sikukanatilepheletsa, tikanamaliza Lachitatu. Ine ndinangolemba c wamkulu pa chikuto cha kope.

Ndinagwila nchito pa ofesi ija zaka zinayi, ndipo mapakeji ena ambili anandiimila panjila. Ndinaphunzila kusayamba ndi kudina mabatani. Choyamba ndimalemba nthawi imene chinthu chaima n'kufunsa kuti nthawi imeneyo chinanso chachitika n'chiyani m'nyumbamo. Chachiwili sinditaya chimene chabwela kale, ndimapitiliza. Ndipo ngati wodula layini ndi munthu amene sindingamuuze, ndimafuna wondilankhulila tsiku loyamba lomwelo, osati lachitatu. Tinapangana kudzela mwa ankhazi kuti ndikapachika kansalu kofiila pa chitseko changa, foni isanyamulidwe. Apongozi anasunga pangano limenelo, koma kufikila Isitala moni wanga ankauyankha ndi mutu.

Mvula ya Lachinayi ija sinaleke sabata lonse. Msewu wa ku Chikomeni unaduka pa dambo, lole ina sinapezeke. Mbewu inapita ndi ngolo za ng'ombe ndi njinga, thumba limodzi limodzi, ndipo ya amayi anga inafika Chaka Chatsopano chitapita.

Tinataya masiku atatu pa sikilini, ulendo umodzi wa lole, ndi masabata atatu a mvula yoyamba. Azimayi asanu ndi mmodzi anabwelela kwawo wapansi chimanjamanja. Amayi anga, pa munda umene unkawapatsa matumba asanu ndi atatu a nshawa, anakolola awili, ndipo theka lake linali mphwephwa, makoko opanda kanthu.